Ngati Filosofi Ndi Yachabechabe, Olamula Amaiopera Chiyani?

Mwana akasankhidwa kupita ku Chanco kukachita filosofi, mbiri yakale kapena zolembalemba, pakhomo pamangoti zii ngati pagwa zovuta. Funso la amalume ndi limodzi: "Ukamaliza udzadya mabukuwo?" Pa Facebook naponso nyimbo ndi yomweyo, eti dziko losauka ngati lathuli likufunika mainjiniya, madokotala ndi owerengera ndalama basi, zinazi n'kutaya nthawi.

Ine ndikukana, ndipo ndifunse: ngati maphunzirowa alibe ntchito, olamula amawaopera chiyani?

Mu 1987 apolisi anagwira Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, n'kukamutsekera ku Mikuyu mpaka 1991 osamuzenga mlandu. Chida chake chinali ndakatulo. Mu 2011 mphunzitsi wa zandale pakoleji yomweyo, Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, choti kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kumatha kuutsa anthu ngati mmene zinachitikira ku Tunisia ndi Egypt. Maphunziro anaima miyezi yambirimbiri. Boma silivutika chonchi ndi galu wopanda mano. Limadziwa kuti wophunzira amene wazolowera kufunsa kuti "umboni wake uli kuti?" sawombera m'manja chisawawa pamsonkhano.

Kumbukiraninso Cashgate ya 2013. Amene anasolola mabiliyoni ku Capital Hill sanali mbuli, aise. Manambala ankawadziwa, kompyuta ankaidziwa. Chimene chinasowa ndi mtima wodzifunsa kuti ndalamazi n'zandani, ndipo kuchipatala afe ndani mankhwala akatha.

Zoona, lendi salipira ndi Plato, ndipo ambiri a ife ma CV atithera nsapato. Koma ulovawu wagwiranso amene anachita bizinesi ndi uinjiniya, ndiye tisaunamizire filosofi. Komanso pulogalamu ya pakompyuta imene mwaiphunzira lero, pakatha zaka zisanu yasintha. Kuwerenga mozama, kuyeza mfundo, kulemba zomveka, kuzindikira bodza ngakhale litavala suti, zimenezi mupita nazo kumanda.

Mainjiniya tikuwafuna, inde. Koma injiniyayo awerengeko mbiri ya dziko lake, adziwe chifukwa chake anthu anavotera matipate mu 1993. Tikapanda kutero tidzakhala ndi akatswiri omanga ndende zolimba, osafunsa n'komwe kuti atsekeredwemo ndani.