Khoti likakalamba ku Oregon, amalipira ndani?

Mumzinda wa Portland, m'chigawo cha Oregon ku America, milandu inkazengedwa kwa zaka zoposa 100 m'nyumba yomwe anamaliza kumanga mu 1914. Akatswiri a zomangamanga ankachenjeza kuti chivomerezi chachikulu chitabwera, zipupa zake za njerwa sizingapirire. Oyimbidwa milandu ankadutsa ali m'maunyolo m'makonde omwewo momwe mboni ndi odandaula ankadikirira. Aliyense ankadziwa kuti nyumbayo yatha ntchito, koma khoti latsopano, la nsanjika 17, linatsegulidwa mu October 2020 litadya madola pafupifupi 324 miliyoni.

Funso n'kumati: dziko lolemera chonchi, chinkavuta n'chiyani?

Gwero lake ndi kagawidwe ka udindo. Oregon inagawidwa m'madera 36 otchedwa county, omwe tingawayerekeze ndi makhonsolo athu, ngakhale iwo ali ndi mphamvu zambiri pa msonkho. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, boma la chigawochi linatenga udindo woyendetsa makhoti ndi kulipira ogwira ntchito m'menemo. Koma nyumba zinatsala m'manja mwa ma county, ndipo lamulo limawakakamiza kupereka malo oyenera ozengera milandu. Ndiye kuti wogwiritsa ntchito nyumba ndi wina, wokonza denga likadontha ndi winanso. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya lendi akudziwa momwe zoterezi zimathera.

Mu 2013 nyumba ya malamulo ya Oregon inakhazikitsa thumba lapadera lothandiza kumanga makhoti. Boma limakongola ndalama n'kulipira mpaka theka la mtengo wa mbali yogwiritsidwa ntchito ndi khoti, malinga ngati m'nyumbamo mukhalanso ofesi ina ya boma. Popanda ofesiyo, gawo la boma limatsika kufika pa 25 peresenti. County imayenera kusonyeza kuti nyumba yakaleyo ndi yoopseza miyoyo komanso kuti kumanga ina n'kwanzeru kuposa kukonza yomweyo. Pempho limadzera kwa jaji wamkulu wa chigawocho, yemwe amalipititsa kwa aphungu pokambirana bajeti ya zaka ziwiri. Multnomah County, komwe kuli Portland, inapeza madola pafupifupi 125 miliyoni mwanjira imeneyi. Jefferson County, dera laling'ono ndithu, inatsegula khoti lake latsopano ku Madras mu 2016.

Pomva, ndondomekoyi ikuoneka yachilungamo: iwe theka, ine theka. Koma ine ndikuona kuti vuto lagona pa theka la county lija. Njira yodziwika yopezera ndalama zochuluka chonchi ndiyo kupempha ovota kuti avomere kukweza msonkho wa nyumba ndi malo. Apa ndiye pamagona nkhani. Munthu amavotera sukulu chifukwa mwana wake amapitako m'mawa uliwonse. Khoti? Ambiri amaganiza kuti ndi la akuba ndi maloya, mpaka tsiku lomwe banja latha ndipo akulimbirana ana, kapena mayi akufuna chikalata chomuteteza kwa mwamuna wankhanza.

Zinachitikadi ku Lane County, komwe kuli mzinda wa Eugene. Mu May 2019 ovota anakana ngongole ya madola 154 miliyoni yomangira khoti latsopano. Boma linali lokonzeka kuthandiza, koma thandizo lotere limadikira kuti mwini nyumba ayambe waonetsa zake. Ndipo mtengo wa simenti, zitsulo ndi amisiri sudikira munthu.

Clackamas County inadzera njira ina. Khoti lake lakale ku Oregon City linamangidwa m'zaka za m'ma 1930, anthu a m'deralo asanakwane 50,000, pomwe lero aposa 400,000. M'malo mopita kwa ovota, akuluakulu anagwirizana ndi makampani kuti amange ndi kusamalira nyumbayo, county n'kumalipira pang'onopang'ono kwa zaka 30. Khotilo linatsegulidwa mu 2025. Ena akuti ndi nzeru, ndipo sindikutsutsa kuti nyumba ilipo. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti malipirowo amachokera m'thumba lomwelo lomwe limayendetsa ntchito zina za county, ndipo ovota sanafunsidwe mwachindunji.

Zigawo zina zili ndi njira zawo. Texas, yomwe ili ndi ma county 254, inakhazikitsa mu 1999 ndondomeko yopereka ndalama zokonzera makhoti akale, koma cholinga chachikulu n'kusunga mbiri ya nyumbazo. California inakhazikitsa lamulo mu 2002 losamutsa nyumba za makhoti kuchoka kwa ma county kupita ku boma la chigawo. Nakonso sikuti zinayenda myaa: chuma chitavuta, aphungu anapatutsa ndalama zomangira makhoti n'kutsekera mabowo ena a bajeti, ntchito zambiri n'kuima.

Ngakhale zili choncho, ine ndikupendekera ku njira ya California. Malamulo omwe jaji amagwiritsa ntchito ku Portland ndi omwewonso kumidzi ya kum'mawa kwa Oregon, komwe okhoma msonkho ndi ochepa. Ndondomeko ya theka ndi theka imakomera county yomwe ili kale ndi ndalama kapena yokhoza kukongola. Aphungu a ku Salem akufunika kutsitsa gawo lomwe madera osauka amayenera kusonkha, apo ayi atenge nyumbazo zikhale zawo monga anatengera makhotiwo zaka 40 zapitazo.