Shuga wa m'magazi mwa odwala mwakayakaya

Ambirife timadabwa tikamva kuti m'bale wathu amene ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya akupatsidwa insulini, chikhalirecho sanadwalepo matenda a shuga. Thupi likapanikizika ndi ngozi, opaleshoni yaikulu kapena matenda olowa m'magazi, limatulutsa mahomoni monga cortisol ndi adrenaline. Mahomoniwa amachititsa chiwindi kuthira shuga wambiri m'magazi, ndipo minofu siimveranso insulini bwinobwino. Shuga akakwera kwambiri, chitetezo cha m'thupi chimafooka, mabala amachedwa kupola, ndipo wodwala amataya madzi ambiri pokodza. Zikatero impso, zomwe zatopa kale, zimatha kulephera kugwira ntchito.

Funso lomwe linavuta madokotala linali lakuti shugayo atsitsidwe mpaka pati. Mu 2001, Greet Van den Berghe ndi anzake a ku Leuven, m'dziko la Belgium, anafalitsa kafukufuku wa odwala 1,548, ambiri mwa iwo ochitidwa opaleshoni ya mtima. Mwa odwala omwe shuga wawo ankasungidwa pakati pa 4.4 ndi 6.1 mmol/L, anamwalira 4.6 peresenti, pomwe mwa enawo anamwalira 8 peresenti. Ofunika makina osefa magazi anachepanso. Zipatala zambiri zinayamba kutsatira njirayi.

Mu 2009 kunatuluka kafukufuku wamkulu wotchedwa NICE-SUGAR, wa odwala oposa 6,000, makamaka ku Australia, New Zealand ndi Canada. Pofika masiku 90, mwa omwe ankawatsitsa shuga kwambiri anamwalira 27.5 peresenti, mwa enawo 24.9 peresenti. Shuga anatsika moopsa mwa 6.8 peresenti ya gulu loyambalo, poyerekeza ndi 0.5 peresenti ya gulu linalo. Ubongo umadalira shuga, ndipo munthu wokomoka sanganene kuti akunjenjemera kapena akumva chizungulire. N'chifukwa chake masiku ano madokotala ambiri amafuna kuti shuga wa odwala otere akhale pakati pa 7.8 ndi 10 mmol/L.

Ife odwazika matenda tili ndi mbali yathu. Tiuze adokotala mankhwala onse amene wodwala amamwa, kaya ndi metformin, prednisolone kapena azitsamba. Tisam'patse phala kapena zakumwa zotsekemera tisanafunse anamwino, chifukwa insulini amaipima molingana ndi chakudya chomwe wodwala akulandira. Akatuluka m'chipatala, tim'kumbutse kukayezetsanso shuga pakapita miyezi ingapo, popeza ena mwa odwala otere amadzapezeka ndi matenda a shuga m'tsogolo.