Mndandanda wa sukulu khumi ukutinamiza

Chaka chilichonse, bungwe la MANEB likangotulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4 (MSCE), maso a dziko lonse amathamangira malo amodzi: sukulu khumi zomwe zakhoza kwambiri ndi zina khumi zomwe zagwa chagada. Pa wailesi, pa WhatsApp, ngakhale pamsika wa Goliati kuno ku Thyolo, chigamulo chimaperekedwa tsiku lomwelo. Amati sukulu zapulayiveti ndi zamishoni zimadziwa kuphunzitsa atsikana, pomwe ma CDSS ndi kotayirako nthawi. Ine ndikukana. Mndandandawu umangotiuza kuti sukulu inalandira ana otani pakhomo. Sutiuza zomwe sukuluyo inachita nawo anawo kwa zaka 4.

Tiyambire pomwe nkhaniyi imayambira, ku Sitandade 8. Ana akalemba PSLCE, Unduna wa Zamaphunziro umawagawa potengera malikisi. Atsikana okhoza koposa amapita ku sukulu zanashonale monga Providence ku Mulanje, Stella Maris ku Blantyre, St Mary's ku Zomba, Likuni Girls ndi Lilongwe Girls. Otsatira awo amapita ku sekondale zogonera za m'maboma ndi zoyendera, ndipo ena mwa otsalawo ndiwo amasankhidwira ku CDSS. Nazo sukulu zapulayiveti zotchuka zili ndi sefa yawo, ndipo ndi yapawiri: mayeso olowera ndi fizi. Mwana amene wadutsa zonsezi nthawi zambiri amachokera m'nyumba ya magetsi, ya mabuku, ya makolo otha kulipira mphunzitsi wapadera.

Wogulitsa matimati amene wayamba kusankha akuluakulu ndi osalala m'dengu, n'kusiyira mnzake ophwanyika, sanganyade madzulo kuti amadziwa malonda kuposa mnzakeyo. Koma ndi zomwe timachita ndi sukulu zathu. M'mera m'poyamba, ndipo ife tikupima kumapeto kokha.

Musandimve molakwa. Masisitere ndi aphunzitsi a sukulu zotchukazi amagwira ntchito, ndipo mtsikana amene wapeza mapointi 6 kapena 10 wakhetsa thukuta lake. Ayamikiridwe. Chomwe ndikutsutsa ndi kugwiritsa ntchito chipambano chake ngati chikwapu chokwapulira mnzake amene sanayambire pamzere umodzi ndi iye.

Tamuonani mnzakeyo. Mayi ake amathyola tiyi ku esiteti, dengu kumsana, malipiro ake kutengera makilogalamu, ndipo chilimwe chikafika masamba amachepa, ndalama n'kuchepanso. Mtsikanayu amadzuka kusanache, kutunga madzi, kusesa, kenako kuyenda mtunda wautali m'tinjira ta m'minda, nthawi zambiri m'mimba mulibe kanthu. Akafika m'kalasi, buku limodzi amagwirizira anthu angapo. Phunziro la Chemistry amaliphunzira pa bolodi: mphunzitsi amajambula botolo ndi choko, n'kunena kuti madziwa tikanakhala nawo akanasintha mtundu. Ena amadzagwira zida za mulabotale koyamba mayeso atayandikira. Mtunda ukamukulira, amakachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, komwe kulibe matironi, kulibe mpanda, ndipo abambo a ndalama zawo amadziwa bwino kuti ufa umatha liti. Mtsikana wotereyu akapeza mapointi 24, ndani wachita zazikulu, iye kapena uja wa mapointi 12 amene amadzutsidwa ndi belu n'kupeza phala lapsa kale?

Pali chinanso chomwe mndandandawu umabisa. Peresenti ya okhoza imawerengedwa pa ana amene alemba mayeso, osati amene anayamba Fomu 1. Sukulu yofuna kusunga mbiri ikhoza kubwezetsa kalasi ana ofooka kapena kuuza makolo awo kuti akayesere kwina, ndiye pamapeto n'kulengeza kuti onse akhoza. CDSS ilibe mwayi umenewo, ndipo siyenera kukhala nawo. Imalandira aliyense amene yapatsidwa, kuphatikizapo mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka, monga ikulolera ndondomeko yomwe boma linakhazikitsa mu 1993. Mphunzitsi wamkulu amene walandira mwana wotero akudziwa kuti peresenti yake ikhoza kutsika. Kodi ameneyu ndi woti timuchititse manyazi pa wailesi?

Vutoli tinalipanga tokha. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anadzaza m'makalasi, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linasandutsa malo a MCDE kukhala ma CDSS. Dzina linasintha msanga, koma labotale, laibulale ndi aphunzitsi a sayansi sanabwere ndi liwiro lomwelo. Lero ana ambiri a sekondale m'dziko muno ali m'sukulu zimenezi. Tikamazinyoza, tikunyoza sukulu ya ana ambiri a Amalawi.

Kwa ife a kuno nkhaniyi imawawa mwapadera. Yunivesite ya MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata, ili pakhomo pathu penipeni. Imafuna ana okhoza bwino masamu ndi sayansi, maphunziro omwewo amene mtsikana wa CDSS amawaphunzira popanda zida. Kodi n'chilungamo kuti mwana wa ku Goliati azingoona nyumba zimenezija akamadutsa pa kabaza, ozilowa n'kukhala okhawo amene anadutsa sefa ali ndi zaka 13?

Ndiye tichite chiyani? MANEB ili ndi malikisi a mwana aliyense a PSLCE, JCE ndi MSCE. Iwalumikize, itiuze sukulu zomwe zakweza ana kuchoka pomwe zinawapeza. Unduna uzilengezanso kuti mwa atsikana amene anayamba Fomu 1 pa sukulu iliyonse, ndi angati afika pa mayeso a Fomu 4. Sukulu zosankha ana zipikisane zokhazokha, ma CDSS nawo okhaokha. Ofesi ya maphunziro ya chigawo cha Shire Highlands, yomwe imayang'anira Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, ikhoza kuyamba izi osadikira Lilongwe.

Kupima bwino pakokha sikumanga labotale. Aphungu ndi makhansala athu aike ndalama za chitukuko pa malo ogona atsikana ndi zipinda za sayansi m'ma CDSS. Nawo eni maesiteti a tiyi, amene phindu lawo limadutsa m'manja mwa amayi a atsikanawa, aonjezere dzanja. Ndipo inu makolo, musanagulitse munda kuti mwana apite ku sukulu ya dzina, kafunseni mafunso awiri: munalandira atsikana angati mu Fomu 1, nanga amene sanafike Fomu 4 anapita kuti? Sukulu yoona idzakuyankhani mosazengereza.