Galimoto zakale zisathere pa sikelo

Mukamayenda m'Chikamveka muno mu Zomba, kuseri kwa mipanda ina mumaona galimoto zakale zitakhazikidwa pa njerwa, matayala adaphwa kalekale, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Mtima umandiwawa ndikaona Peugeot 404 kapena Land Rover ikudyedwa ndi dzimbiri chonchi, podziwa kuti mawa ogula zitsulo adzaiphwasula n'kuiyeza pa sikelo. Zomba idali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndipo galimoto zoterezi ndizo zinkakwera msewu wokhotakhota wopita ku Chawe, injini ikubuula mu giya yachiwiri. Kwina galimoto zakale sazitaya: ku California, kuyambira m'zaka za m'ma 1930, anyamata ankatenga Ford yakale, makamaka ya 1932 ya injini ya V8, n'kuichotsa zolemera zonse kuti izithamanga. Amazitcha hot rod, ndipo mpaka lero amazipenta mowala n'kupita nazo kuzionetsero. Ine sindikupempha zonsezo ayi. Ndikungofuna kuti makaniko wathu wa pansi pa mtengo, uja amamva vuto la injini ndi khutu lokha, apatsidwe 404 imodzi aiukitse. Ndidaonapo bambo wina akupala mapulagi a galimoto yakale ndi sandipepa, kabuleta ataiviika m'beseni la petulo. Ataibwezera, ana a m'deralo adakankha galimotoyo potsetsereka, idatsokomola kawiri, utsi wakuda tolo, kenaka injini idagwira. Bamboyo adatsika osazimitsa, manja ali bii ndi girisi, misozi ili mbwembwembwe.

Mnzanu wa ku Chikamveka