Tibwezereni Spider-Man amene anali ndi wodwala kunyumba

Pali bodza limene lafala moti ngakhale ana athu akulinena patebulo mosaphethira. Akuti timabuku ta makatuni takale, tija ta ziphona zouluka ndi nsalu kumsana, tinali ta chibwana, ndipo akuti nkhani za ziphonazi zinakhwima pamene zinadzaza magazi, mdima ndi mizinda yogumuka. Ife tikukana. Tikukana monga anthu amene timasambitsa okalamba ndi kutembenuza odwala usiku kuno ku Britain, amene timadziwa kuti kukhwima kwa munthu kumaonekera pa mmene amakhalira ndi wodwala, ndi ngongole, ndi imfa. Pa zimenezi, timabuku ta ku America ta pakati pa 1962 ndi 1982 tinali patsogolo kutalitali.

Tiyambe ndi Spider-Man, amene Stan Lee ndi Steve Ditko anamutulutsa mu 1962 m'kabuku ka masenti 12. Peter Parker ndi mwana wamasiye wa mumzinda wa New York, woleredwa ndi Ben, mkulu wa bambo ake, pamodzi ndi mkazi wake May. Azungu amati Aunt May, koma kwathu mkazi wa bambo aakulu ndi mayi ako basi, ndipo mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ben ataphedwa ndi mbava, kabuku koyamba ka The Amazing Spider-Man ka 1963 kakuyamba ndi umphawi: mwini nyumba akufuna ndalama ya lendi, ndipo mayi May akupinyolitsa zokongoletsera zawo mobisa. Mnyamata uja akupita kwa a Fantastic Four kukapempha ntchito, n'kubwerako manja ali m'khosi atamva kuti kumeneko kulibe malipiro. Atachita zionetsero kuti apeze kangachepe, akupatsidwa cheke cholembedwa dzina la Spider-Man, ndipo kubanki akumubweza chifukwa alibe chitupa chosonyeza kuti iye ndi Spider-Man. Aliyense wa ife amene anayesapo kutsekula akaunti m'masabata oyamba atafika kunja kuno akudziwa kuti pamenepa palibe chibwana. Munthu woti angathe kunyamula galimoto wagonja kwa kalaliki wa pawindo.

Koma nkhani imene timaikonda koposa ili m'timabuku nambala 31 mpaka 33, ta kumapeto kwa 1965 ndi kumayambiriro kwa 1966. Mayi May agonekedwa m'chipatala, ali kayakaya. Chowadwalitsa ndi magazi amene Peter yemweyo anawapatsa pa matenda ena m'mbuyomo, magazi amene anasokonezeka pamene kangaude uja anamuluma. Taonani kulemera kwake: mphatso ya chikondi ndiyo ikupha munthu amene iye amamukonda. Sabata yomweyo ndi imene akuyamba maphunziro ku yunivesite, ndipo anzake atsopano akamupatsa moni iye sakumva n'komwe poti mtima uli kuchipatala, basi iwo n'kumuweruza kuti ndi wodzikuza. Ndani wa ife sananenedwepo kuti ndi wamwano kutchalitchi kapena pabasi, pamene kwenikweni anali atangoweruka shifiti ya maola 12 maso ali gwa? Peter akupinyolitsa zipangizo zake za sayansi kuti mankhwala agulidwe, mankhwalawo akubedwa ndi anyamata a Doctor Octopus, ndipo powalondola akupsinjidwa ndi chimakina chachitsulo m'chipinda cha pansi pa madzi, denga likudontha, botolo la mankhwala lili poteropo pamene dzanja silingafike.

Apa Ditko anachita chinthu chimene makampani a mafilimu, ndi ndalama zawo zonse, amavutika kuchifikira. Kwa masamba angapo palibe nkhonya ngakhale imodzi. Pali munthu mmodzi ndi katundu wake. Zithunzi zikuyamba zing'onozing'ono, zothinana ngati mpweya wa munthu wobanika, kenaka zikunka zikula pamene iye akudzuka pang'onopang'ono, mpaka tsamba lonse likudzaza ndi chithunzi chimodzi chitsulo chija chitakankhidwa. Chimene chikumudzutsa ndi nkhope ya mayi wokalamba ali pabedi. Dziko lonse silili pangozi m'nkhaniyi, ndipo atolankhani sadzalemba kanthu. Pangozi pali gogo mmodzi.

Mu 1982 Jim Starlin analemba ndi kujambula The Death of Captain Marvel. Chiphona chimene chinamenya nkhondo kumlengalenga chikupezeka ndi khansa, imene inayamba chifukwa cha mpweya wapoizoni umene chinapuma zaka zam'mbuyo. Akatswiri onse a sayansi a m'nkhanizi akusonkhana kufunafuna mankhwala, n'kulephera. Chotsala ndi chimene ife timachidziwa bwino: kukhala pambali pa bedi, kulandira alendo, kuona wina akupsa mtima chifukwa wodwala wavomereza, wina akusowa chonena. Spider-Man mwiniwake, wanthabwala uja, akutuluka m'chipindamo polephera kupirira. Ngakhale adani akale akutumiza nthumwi kudzapereka ulemu. Munthuyo akumwalira pabedi, monga momwe ambiri a ife tidzamwalirire. Tinenenso podutsa kuti mu 1972 kampani yomweyi ya Marvel inayesa kabuku kotchedwa Night Nurse, konena za anamwino atatu a usiku, mmodzi mwa iwo wachikuda dzina lake Georgia Jenkins. Kanangotuluka kanayi n'kufa, koma kanatuluka.

Tsono taonani zimene zinabwera pambuyo pake. Mu 1986 kunatuluka Watchmen ndi The Dark Knight Returns, mabuku olembedwa mwaluso amene sitikuwanyoza. Vuto linali otsanzira, amene anatolapo nkhanza ndi mdima n'kusiya nzeru. Imfa inasanduka malonda. Kumapeto kwa 1992 kampani ya DC inapha Superman, kabukuko n'kukagulitsa m'kathumba kakuda ka pulasitiki pamodzi ndi kansalu ka maliro kovala pamkono. Anthu anagula mamiliyoni a timabukuti poganiza kuti asunga chuma. Chaka cha 1993 chisanathe, malemuyo anali atadzuka. Mu 1995 mayi May anamwalira mwaulemu m'kabuku nambala 400, atamuuza Peter kuti akhala akudziwa chinsinsi chake kwa zaka zambiri, ndipo owerenga analira. Mu 1998 tinauzidwa kuti amene anamwalirayo anali mayi wina wazisudzo wosinthidwa nkhope, May weniweni ali moyo. Mu 2007 May atawomberedwa ndi mfuti, Peter anagwirizana ndi chiwanda chotchedwa Mephisto kuti ukwati wake ndi Mary Jane ufufutidwe ngati sunachitikepo, gogoyo achire. Mnyamata wa 1966 ananyamula chitsulo ndi msana wake. Bambo wa 2007 anakagulitsa banja kwa chiwanda kuti asakumane ndi maliro. Kodi wokhwima ndi uti pamenepa?

Ife amene tatsekapo maso a anthu ambiri ndi kuimbira foni ana awo mbandakucha sitingaone zoterezi ngati zoseketsa. Mwana amene wakula akuona kuti aliyense womwalira amabwerera pakatha miyezi ingapo waphunzitsidwa bodza loopsa kuposa lija lakuti munthu angauluke. Ndipo ana athu ambiri amamva za maliro a agogo awo pafoni, mtembo ukuikidwa ku Dedza kapena ku Chipata iwo ali m'kalasi. Akufunika nkhani zimene imfa yake ndi imfa.

Chachiwiri chimene tinalandidwa ndi mtengo. Kabuku kakale kanali ka mwana. Ankakagula pagolosale ndi ndalama yotsala pogula buledi, nkhani yake inkatha m'kabuku kamodzi kapena titatu, ndipo akamaliza ankasinthana ndi mnzake. Kuno ku Britain, The Mighty World of Marvel inayamba mu 1972 pa mtengo wa 5p pasabata, ndipo ena mwa abambo amene tikuwasamalira lero, amene dzina la mdzukulu wawo limawathawa, amawala nkhope ukatchula Hulk. Ngakhale kwathu ku Malawi, kumene wailesi ya kanema ya dziko inayamba mu 1999, timabuku totere tinkafika tong'ambika chikuto, n'kuyenda m'manja mwa kalasi yonse mpaka masamba kufewa ngati nsalu, ndipo ambiri tinatolamo Chingerezi chimene mphunzitsi sanatipatse. M'zaka zaposachedwapa kabuku kamodzi ku America kamagulidwa madola 4 kapena 5, ndipo kuti umve nkhani yonse uyenera kugula timabuku tambirimbiri ta ziphona zosiyanasiyana. Wogula wake tsopano ndi bambo wa malipiro, mwana amangoonera pawindo.

Takale tija nato tagwidwa ukapolo. Kuyambira mu 2000 kampani ya CGC imapima timabuku, kutipatsa malikisi mpaka 10, n'kutitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kolimba kamene ukakatsekula malikisi aja sawerengedwanso. Buku losatsekulidwa lili ngati nkhokwe yomata pakhomo pomwe. Mu April 2024 kope limodzi la Action Comics nambala 1, mmene Superman anaonekera koyamba mu 1938 pa masenti 10, linagulidwa madola 6 miliyoni. Jerry Siegel ndi Joe Shuster, ana a Ayuda osamukira kudziko lachilendo amene anamupeka Superman, anamugulitsa pa madola 130. Anakalamba ali osauka, Shuster maso akuchita khungu, mpaka mu 1975 pamene eni kampani, atachita manyazi ndi phokoso la anthu, anavomera kuwapatsa madola 20,000 pachaka aliyense.

Pamenepa wina anena kuti, mwaona, nthawi yakaleyo inali ndi zonyansa zake. Zoona, ndipo si za malipiro zokha. Timabuku ta m'ma 1940 tinkajambula munthu wakuda ndi milomo yonga mbale, ndipo akazi ambiri ntchito yawo inali kukuwa kuti apulumutsidwe. Koma m'nyengo yomwe tikuikambayi ndi mmenenso Stan Lee ndi Jack Kirby anatulutsa Black Panther mu 1966, mfumu ya dziko la mu Africa limene silinalamulidwepo ndi atsamunda, patangopita zaka ziwiri Malawi ndi Zambia atalandira ufulu. Filimu ya 2018 imene tonse tinakaonera titavala zitenje inakolola m'munda umene unalimidwa kalekale ndi kabuku ka masenti 12.

Mawu otsala ndi a kwa ife makolo a m'bungwe lino, makamaka amene timalanda mwana buku la zithunzi n'kumuuza kuti akawerenge za nzeru, kenaka n'kumusiya ndi foni mpaka pakati pausiku. Nkhani zakalezi zinasindikizidwanso m'mabuku akuluakulu, ndipo mu 2022 a Penguin Classics, amene amasindikiza Dickens ndi anzake, anatulutsa buku la Spider-Man wa Lee ndi Ditko. Khadi la laibulale ya m'dera lanu ndi laulere, ndipo ngati bukulo palibe pashelefu mungathe kupempha kuti akuitanitsireni. Funsani limene lili ndi nambala 31 mpaka 33, mukhale naye pansi mwanayo tsiku limene simuli pa shifiti, ndipo mukafika pa tsamba la chitsulo chija musamuthamangitse kutembenuza.