Dongosolo lawo la ngozi ndi thumba lathu

Kuno ku Thyolo, wailesi ikangolengeza kuti namondwe wina wanyamuka kunyanja ya mchere ndipo akulowera ku Mozambique, ena amathamangira kukasanjika miyala padenga. Ife amene tili ndi ana ku yunivesite timayamba tapisa dzanja m'thumba. Tikudziwa kale chimene chikubwera: chikalata cha mabwana chonena kuti maphunziro ayima, ana abwerere kwawo, zotsala aphunzirira pa intaneti. Eni akewo amati limeneli ndi dongosolo lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Koma nanga amene amalisenza pamutu ndani? Si ife otchola tiyi ku Satemwa, ku Conforzi, ku Makandi ndi ku Naming'omba, pamodzi ndi anzathu ogulitsa nthochi ndi mapeyala pa Bvumbwe ndi pa Goliati?

Zinayamba pa 23 Malichi 2020, tsiku limene boma linatseka sukulu zonse ndi makoleji omwe chifukwa cha Covid-19. Ana anatulukira ndi zikwama zawo, n'kukhala pakhomo miyezi yoposa isanu, akudya ngati akulima. Tisanapume n'komwe, mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka, magetsi n'kumazimazima kwa chaka ndi kupitirira. Kenako mu Malichi 2023 kunadza Freddy, amene anatsitsa matope paphiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, n'kusakaza ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Anthu oposa 600 anafa, mazana ena sanapezeke, ndipo sukulu zinayimitsidwa m'maboma akum'mwera, Thyolo momwemo. Akuluakulu ananena kale kuti mvula ikakuona litsiro sikata.

Tisanamizane, palibe kholo limene lingafune kuti mwana akhale m'kalasi phiri likugumuka. Kutseka n'koyenera. Chimene chimatiwawa n'chakuti chikalatacho chimathera pa mawu akuti "achoke", ngati kuti mwana amauluka. Ya minibasi ichokera kuti pakati pa mwezi, malipiro asanatuluke? Tsiku limenelo kondakitala naye amakhala wamva nkhani, mtengo wakweza kale. Mlatho ukakokoloka ndiye wa kabaza amatchula mtengo akuyang'ana kumbali, manyazi atawasiya kunyumba. Kumbuyoko landilodi wa kachipinda kamene mwana amachita lendi safuna kumva za namondwe, akuti mwezi ndi mwezi basi. Fizi tinalipira yonse, ndipo sitinamvepo kuti ina yabwezedwa chifukwa mwana wadyera nsima kwawo.

Chopweteka china n'chakuti anamondwe amenewa amabwera nyengo ya dzinja, nthawi yomwe tiyi amaphukira kwambiri, Disembala mpaka Epulo. Ndi miyezi imene dengu limalemera, makilo n'kuchuluka pasikelo, munthu n'kumati chaka chino ndigulako malata awiri. Ndalama ya malatayo ndi imene imathera ku mabandulo. Chikhalirecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti foni yoti n'kuphunzirirapo mtengo wake timangoumva ngati nthano.

Tsono kuphunzira pa intaneti kuja, mabwana, munayamba mwakuonapo kumalaini kuno? Netiweki imapezeka pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, kapena pamtunda pamene akapitawo amayima poyang'anira ntchito. Mwana amapita kumeneko m'mawa atafunda jumbo, dzanja lina ambulera, lina foni, akukweza m'mwamba kuti aphunzitsi amveke. Akangoti "ichi chidzabwera pa mayeso", mawu aja amaduka. Foni timakatchajitsa kwa ometa tsitsi pa msika, ndipo magetsi akazima onse amathamangira kwa amene ali ndi sola, pamzere pali mafoni a mudzi wonse. Laputopu yobwereka timaikulunga m'mapepala apulasitiki atatu n'kuiika m'dengu pamwamba pa kabati, malo amene ngakhale ufa sitiikapo. Mabuku onyowa timayanika pafupi ndi mbaula, agogo atakhala mlonda kuti digiri isapse. Mbuzi yagulitsidwa, ku banki m'khonde tatengako kawiri, wakatapila akatiwona amatipatsa moni wa ulemu wosazolowereka. Ana ang'onoang'ono aphunzira kuyenda monyang'ama, chifukwa achimwene awo "ali m'kalasi" pakhonde.

Ndipo mwana akalephera kulemba mayeso chifukwa netiweki inathawa, kodi mlandu ndi wa yani? Amauzidwa kuti akanakonzekera. Akonzekere ndi chiyani, poti ife makolo ake tinamva za kutsekako tsiku lomwelo ali kale pa depoti?

Chodabwitsa n'chakuti nzeru za zimenezi zili pakhomo pompano. Pa Ndata, pamunda uja wa malemu Bingu wa Mutharika, pali yunivesite ya MUST imene inamangidwa ndi ndalama zochokera ku China n'kutsegulidwa mu 2014. Kumeneko ana amaphunzira za nyengo ndiponso za kasamalidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi, mpaka kutenga digiri. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza masiku angapo namondwe asanafike. A DoDMA, oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, alipo, ndipo mu 2023 aphungu anavomereza lamulo latsopano loona za ngozi. Mapepala ndiye adzaza mashelefu. Chosowa ndi munthu wotifunsa ife kuti kodi mwana akachoka ku yunivesite afika bwanji ku Thekerani kapena ku Masambanjati msewu utaduka, ndipo akafika aphunzira bwanji m'nyumba yopanda soketi.

Ife sitikupempha zakumwamba ayi. Chenjezo likangotuluka, tiuzeni nthawi ilipo, m'Chichewa, pa wailesi, kuti tiyambe kusakasaka ya ulendo. Amene kwawo n'kutali kapena milatho yaduka, asungeni pamalo ouma m'malo mowathira mumsewu. Ngati mwati aphunzire pa foni, kambiranani ndi makampani a mafoni za mabandulo, ndipo tumizani zophunzira zoti mwana atha kuwerenga netiweki itathawa. Mayeso asamabwere sabata imene anthu akufukula katundu m'matope.

Dzinja likubweranso, mabwana. Tsiku limene mudzakhale pansi kulembanso dongosolo lanulo, ikani mpando umodzi wa kholo lotchola tiyi. Tidzapempha kwa akapitawo, tidzabwera wapansi, ndipo alawansi yake sitidzakuvutitsani nayo.