Chigololo ndi cha awiri, bwanji miyala ikusaka mkazi yekha?

Mu Marichi 2002, khothi la Sharia m'dera la Katsina, kumpoto kwa Nigeria, linagamula kuti Amina Lawal aphedwe pomugenda ndi miyala. Mlandu wake unali kubereka mwana banja lake litatha. Bambo amene Amina anamutchula kuti ndiye mwini mimba anakana polumbira, ndipo poti panalibe mboni zinayi zoona ndi maso, anamasulidwa. Amina analibe pothawira, chifukwa umboni unali mwana amene anali kumuyamwitsa.

Apa ndi pamene chilangochi chimadziulula. Lamulo limati mwamuna ndi mkazi alangidwe mofanana, koma mimba imaonekera pa mkazi yekha. Zinali chimodzimodzi ndi Safiya Hussaini ku Sokoto mu 2001. Kodi chimenecho n'chilungamo?

Ena amati wotsutsa chilangochi akunyoza Chisilamu. Ayi. Qur'an, mu Sura 24, imatchula zikoti 100 kwa wachigololo, ndi zikoti 80 kwa woneneza mkazi popanda mboni zinayi. Za kugenda miyala zimachokera m'mahadith. Ndipo amene anapulumutsa Amina anali maloya monga Hauwa Ibrahim, Msilamu, amene anagwiritsa ntchito malamulo a Chisilamu omwewo mpaka khothi la apilo la Sharia linamumasula pa 25 Seputembala 2003.

Enanso amati, poti anamasulidwa, vuto lili pati? Mayiyu anakhala chaka ndi theka akudikira imfa, mwana ali kumsana. Komanso si onse amene amapeza loya. Mu Okutobala 2008, ku Kismayo m'dziko la Somalia, zigawenga za al-Shabaab zinagenda mpaka kufa Aisha Ibrahim Duhulow, mtsikana wa zaka 13 amene, malinga ndi Amnesty International, anapita kukadandaula kuti wagwiriridwa.

Nigeria inavomereza pangano la United Nations la ICCPR mu 1993. Ndime 6 ya panganoli imalola chilango cha imfa pa milandu yoopsa kwambiri yokha, ndipo ndime 7 imaletsa zilango zankhanza. Chigololo chimapasula mabanja, n'zoona, koma si kupha munthu.

Mashehe ndi abusa adzudzule chigololo mmene angathere. Wolakwiridwa athetse banja ngati akufuna. Koma boma lisatole mwala. Ife amene tikuphunzira zamalamulo ndi ufulu wachibadwidwe, Asilamu ndi Akhristu omwe, tisamachite manyazi kunena kuti lamulo lotere lichotsedwe kulikonse kumene lilipo.